Masiku Asanu a Thandazani

Panadutsa masiku asanu Thandazani osachita chimbudzi, ndipo bambo ake, Abson, anasowa pogwira. Mkazi wake Exildah anali ku Chipata kukadwazika mayi ake, mwezi wachiwiri tsopano. M'nyumba yawo ya ku Kabwata munatsala awiriwiri, bambo ndi mwana wa zaka zisanu, ndipo kudya kwawo kunali kwa munthu wothamangira ntchito: buledi ndi tiyi m'mawa, mabisiketi m'chikwama cha kusukulu, madzulo tchipisi ndi soseji zogula pamsewu.

M'mawa umenewo Abson anamupeza mwanayo ataima kuseri kwa mpando, atapingasa miyendo, atanyang'ama, thukuta lili pamphuno.

"Thanda, tiye ku toileti."

"Sinifuna, ba Dadi. Chibaba, chipweteka."

Anamunyengerera, anamulonjeza switi, kenako mtima unamupsa n'kumunyamula kukamukhazika mokakamiza. Mwana anakuwa mpaka a Winifred, mayi a nyumba yoyandikana nayo, anasuzumira pampanda.

"Ba Abson, mupaya mwana? Mufuna afe? Dulani kasopo mumuike kumbuyo, kazachoka vonse."

Abson analowa m'bafa, anatenga sopo, anamutembenuza m'manja, n'kumubwezera pomwe anali. Anaimbira Exildah kawiri, foni osalowa. Kachitatu mawu anamveka modukaduka, koma liwu limodzi analimva bwino: "Kuchipatala."

Pachipatala mzere unafika pakhomo. Abson ankakhala, n'kuima, n'kukhalanso. Bwana wake, a Kampamba, mwini shopu yosindikiza mapepala m'tauni, anali ataimba kale katatu. Thandazani anangomutsamira, dzanja lili pamimba.

Namwino amene anawalandira, a Nsofwa, anamugoneka mwanayo n'kumusisita mimba pang'onopang'ono. Anafunsa ngati akusanza, ngati thupi likutentha, ngati panaoneka magazi. Abson anakana zonse.

"Nanga akudya chiyani?"

Abson anayamba kutchula, mawu akumka natsika. Atafika pa tchipisi anayang'ana pansi.

"Madzi amamwa?"

"Amamwa juwisi."

A Nsofwa anatembenukira kwa mwana. "Iwe mami, n'chifukwa chiyani ukukana kuchimbudzi?"

Thandazani ananong'ona kuti tsiku lina kusukulu chinatuluka cholimba ngati mwala, chinamupweteka, analira anzake akumumva. Kuyambira pamenepo chikabwera amachibweza.

Abson anamva manyazi. Nkhani imeneyi sankaidziwa.

"Wadzimbidwa, ndipo mantha akuwonjezera," anatero a Nsofwa. "Akamachibweza chimauma, chikauma chimapweteka kwambiri. Ndikupatsani mankhwala ofewetsa, koma ntchito yaikulu ili kunyumba. Papaya, masamba, nyemba, phala la mgaiwa, madzi pafupipafupi. Akatha kudya azikhala pachimbudzi mphindi zisanu, mapazi ataponda pa chinthu, asamalendewere. Azithamanga panja. Ndipo musamukalipire, bambo. Akayamba kusanza kapena mimba ikatupa, bwerani msanga."

Potuluka analowera kumsika. Anagula papaya lakupsa, malalanje, ndimu, masamba a maungu otchedwa chibwabwa ndi a mbatata otchedwa kalembula, koma atafika kunyumba anaima pakati pa khitchini masamba ali m'manja, osadziwa poyambira. Anagogoda kwa a Winifred. Mayiwo anaseka, anamuonetsa kasadzulidwe ka chibwabwa, n'kumuthirira nsinjiro zawo.

Thandazani analawa kamodzi n'kukankha mbale. Papaya anati likununkha. Abson anatsegula pakamwa kuti akalipe, anakumbukira mawu a namwino, anatseka. Anafinyira ndimu papayalo, anadula tizidutswa, nayamba kudya yekha akutafuna mokweza. Mwana anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatola kamodzi.

Tsiku limenelo sikunachitike kanthu. Mawa lake chimodzimodzi. Abson anaika chidebe chozondotsa kutsogolo kwa chimbudzi kuti mwana azipondapo, ndipo akatha kudya ankamukhazika, iye n'kumazungulira pakhonde, diso pa wotchi. Kuntchito anasindikiza makhadi a ukwati wa anthu mozondoka, a Kampamba anangogwira m'chiuno. Masana ankaimbira aphunzitsi kufunsa ngati botolo la madzi latha. Exildah naye sankapuma kutumiza mauthenga: "Wachita?"

M'mawa wa tsiku lachitatu mwana anadya phala, anakhala mphindi zake zisanu, osaphula kanthu. Anatseka nyumba n'kupita pokwerera minibasi. Kondakitala anali akukuwa "Tauni! Tauni!", Abson phazi limodzi lili kale m'kati, pamene anamva kukokedwa buluku.

"Ba Dadi, chabwela."

"Manje manje? Tsopano lino?"

Mwana anagwedeza mutu, miyendo itayamba kupingasa.

Abson anatsika, anamunyamula, anathamanga. Anadumpha ngalande, anapyola pakati pa amayi ogulitsa tomato, chikwama chikumumenya kumsana. Pageti makiyi anagwa. Pachitseko anagwanso. Atamukhazika, mwana anagwira malaya ake.

"Musayende."

Anagwada pasimenti atavala buluku la kuntchito, n'kumugwira manja onse awiri. Foni inalira m'thumba, anaisiya. Thandazani anayamba kulira, anafuna kudzuka.

"Ponda pachidebe, mami. Puma ngati ukuzimitsa kandulo. Ndili pompano."

Mwana anapuma, anapumanso, zikhadabo zake zikulowa m'manja mwa bambo ake. Kenako kulira kunaleka. Anatsegula maso modabwa.

"Chababa pang'ono chabe."

Abson anakhala pansi, anatsamira khoma. Anamusambitsa m'manja, anadzaza botolo la madzi, anaika lalanje m'chikwama. Analembera Exildah mawu amodzi okha: "Wachita."

Anakwera minibasi ina, yodzaza, mwana ali pamiyendo. Asanafike patali Thandazani anagunda phewa la mayi wina wovala yunifolomu ya kubanki amene anakhala kutsogolo kwawo.

"Ba Anti, ine nachita chikulu!"

Minibasi yonse inaphulika ndi kuseka. Abson anabisa nkhope kumsana kwa mwana wake. Mayi uja anatembenuka, anagwira Thandazani chanza, nati, "Wachita bwino, mwanangu. Na mailo futi, mawa uchitenso."