Mano a Kingi Mhone

Ine ndine Edna, wa ku Dedza. Ku Nkhata Bay ndinatsatira amuna anga amene anatumizidwa kukhala kalaliki ku ofesi ya DC m'chaka cha 1978. Kukhala pakhomo n'kumangopukuta matebulo sindinakuthe, choncho ndinalowa ntchito panyumba ya okalamba imene amayi a mpingo anatsegula kumtunda kwa msika. Ambiri okhalamo anali matchona ochokera ku Joni amene anatsika pa sitima ya Ilala ndi sutikesi imodzi, n'kupeza abale onse anatha.

Mmodzi mwa iwo anali a Cyrus Mhone. Eee, munthu wodzikonda uja! Dzuwa la ku Nkhata Bay limene limakusungunula lija, iwo tayi ili pakhosi, nsapato zili waliwali. Paunyamata wawo anali kingi wa malipenga, ndipo anzawo ankawaitanabe Kingi. Koma chimene ankatchuka nacho ndi mano: oyera mbee, ofanana, opanda ngakhale limodzi losowa. Pachikondwerero cha Julaye, atsikana ovina ankachita kulozerana mano a nkhalambayo.

Kenako Kingi anasiya kudya. Kondowole ankangomuyang'ana, usipa n'kupatsa mphaka, iwo n'kumwa tiyi basi. Khosi linayamba kusambira m'kolala. Akamalankhula ankaphimba pakamwa ndi kampango, koma fungo silibisika. Anzawo ankati akulira buledi wa ku Joni. Ine ndinkaona munthu akupita kumanda atavala tayi.

Ndinakapempha thandizo kwa a Yona, amene ankaona za mano kuchipatala. Anandipatsa miswachi yogawira aliyense, nalonjeza kubwera kudzaona m'kamwa mwa onse. Ndinagawa bwinobwino, n'kuwasonyeza katsukidwe kake. M'mawa mwake ndinapeza Kingi ali pakhonde, akupaka polishi m'mphepete mwa nsapato ndi mswachi wanga uja.

"A Mhone! Mswachi umenewo ndi wa mano!"

"Ama, wamano ayi," anayankha osatukula mutu. "Uwu ukukwana bwino m'makona mwa nsapato. Mano anga alibe mlandu."

Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Masana ndinawakokera kuseri kwa khitchini, tili awiri, n'kuwaikira mbale patsogolo. Ndinati sindichoka mpaka atadya. Anandiyang'ana, kenako anatema kondowole, naika m'kamwa. Mukumudziwa kondowole mmene amamatira. Pamene ankati atsegule pakamwa, mano onse a m'mwamba anatsika limodzi ndi mbamuyo, n'kugwera m'mbale.

Mayo ine! Anali mano oikirira. Anawagula ku Joni kalekale, ndipo chilowereni m'nyumba muja, momwe ankagona chipinda chimodzi ndi anzawo, sanawavuleko usana kapena usiku. Nkhama zinali zitafota, manowo n'kumakhula. M'kamwa monse munali zilonda zofiira, zina zoyera ngati thovu la mkaka. Ukali wanga unathera pomwepo, ndinangomva chisoni.

"Mukauza munthu, ndikadziponya padoko," anatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Ngakhale malemu akazi anga sanadziwe. Kingi wopanda mano? Bola kufa."

Sindinauze munthu. Ndinkawabweretsera madzi ofunda amchere mobisa, koma kuvula mano pogona ankakana, poopa anzawo. Zilonda sizinkapola, ndipo lamba anaboolanso bowo lina.

Tsiku lina ndinawafunsa za malipenga, kuti mwina aiwale ululu. Nkhope inawala. Anati gule asanayambe, ovina onse amaima pamzere ngati asilikali, dokotala wa gululo n'kumayendera zikhadabo, malaya ndi masokosi. Wauve amatulutsidwa m'bwalo.

"Nanga kingi amamuyenderanso?"

"Kingi ndiye woyamba, ama. Angalamule bwanji anthu iye ali wauve?"

Ndinangoti chabwino. Ndinawauza kuti a Yona akubwera, ndipo nkhalamba zanga zamakanizo sizingandimvere ine mlendo wolankhula Chichewa cha ku Dedza. Ndinawapempha aziimike pamzere iwo, mwa chimalipenga. Anavomera msanga, poti kulamula ankakukonda kuposa shuga.

Tsikulo linafika. Kingi anawandandalika onse pabwalo, a ndodo ndi okhala pampando omwe, akufuula ngati sajeni. A Yona anayamba kuyendera. Atafika pa a Flora Longwe, zinthu zinaima. Mayiwa tsaya linali litatupa ngati mango, koma milomo anaimanga ndii.

"Mwana wa dzulo uyu aone zibowo za m'kamwa mwanga?" anatero chakukhosi. "Inu a Mhone mukutilamula chifukwa anu ndi okongola. Mukanakhala ngati ife, mukanayasamula pagulu?"

Ine ndinayang'ana pansi. Kingi anakonza tayi, nayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo kwa mzere.

"Ama Edna, kapu ya madzi."

Ndinathamanga nayo. Anaika zala m'kamwa, navula a m'mwamba, navula a m'munsi, n'kuwaponya m'kapumo. Masaya analowa m'kati, nkhope ija inakalamba pomwepo anthu akuona. Koma anaima njoo, manja m'mbali, natembenukira kwa a Yona.

"Dokotala, yambani ndi ine."

Palibe anaseka. A Flora anagwira pakamwa, misozi ili m'maso, kenako nawonso anayasamula. Dzino lawo lovunda linachotsedwa sabata yomweyo. Mano a Kingi a Yona anawatenga kukawakonza kuti akhale bwino pankhama, ndipo zilonda zinapola ndi mankhwala opaka.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse pabwalo paja pamakhala pelete: miswachi, madzi amchere, Kingi akuyendera mmodzimmodzi. Amayi a mpingo ochokera ku Chintheche anachita kubwera kudzaonera. Ndikunena mosabisa, ntchito imeneyo ndimainyadira mpaka lero.

Tsiku limene anamaliza mbale yonse ya kondowole, anandiitana. Mano anali m'kapu pawindo, poonekera aliyense wodutsa.

"Yewu, ama," anatero, akuseka ndi nkhama zokhazokha. "Pali wina wotsala mumphikamo?"