Chitenje pa Bokosi la Chilekwa

Angelina anali akuthira ufa m'mutu mwa mlamu wa malemu pamene lole ya chipani inakhotera m'kanjira ka ku Kuku, komboni ya mu Lusaka, ikumwaza matope m'zipupa za nyumba za anthu. Pamwamba pake panali bokosi lonyezimira, tenti ndi anyamata ovala zipewa zofanana.

Kuthira anthu ufa inali ntchito yake tsiku limenelo. Mubemba akamwalira, anthu a Kummawa kwa Zambia ndiwo amagwira maliro: amanyamula bokosi, amanyoza olira, amayeretsa nkhope za anamfedwa, ndipo palibe amene amaloledwa kukwiya. Chimenecho ndicho chimbuya, wochita zimenezo amatchedwa mbuya, ndipo Mngoni akadzamwalira Ababemba amabwezera. Angelina anali Mngoni kudzera mwa bambo ake, amene anachokera ku Ntcheu kudzaphika m'nyumba za azungu mpaka kufera ku Lusaka. Iye ku Ntcheu sanapondeko, koma mu Kuku munalibe maliro a Mubemba amene ankayenda popanda pakamwa pake.

Womwalirayo anali Chilekwa, mwamuna wa Nsofwa, mnzake wa pamsika. Chilekwa anatumikira chipani mpaka nsapato kutha. Chisankho cha makhansala chitayandikira, anthu a m'wodiyo anafola kumbuyo kwake posankha wowaimira, mzere mpaka kukafika pampopi. Koma akuluakulu a chipani anatumiza dzina lina, la Kombe, mkulu wa kumayadi amene mapazi ake anali asanalawepo madzi osefukira a ku Kuku. Chilekwa anavula malaya a chipani n'kuima payekha. Anam'ng'ambira zithunzi m'mitengo, tebulo la mkazi wake analikankhira kufupi ndi dzala, ndipo pamapeto matenda a kuthamanga kwa magazi anamugwetsa. Imfa yake inasunthitsa tsiku lovota, anthu ake n'kutsala ngati anapiye opanda make. Anapiye amenewo ndi amene lole ija inadzera.

Chalwe, tcheyamani wa anyamata a chipani, amenenso ankagawa matebulo pamsika, anamukodola Angelina kuti abwere kuseri kwa lole. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo Chalwe ankayenda modziwa zimenezo. Anatulutsa chitenje cha chipani chopindidwa bwino, chonunkhira sitolo.

"Ba Angelina, imwe ndimwe ba mbuya, ndimwe mugwira bokosi," anatero. "Tikafika ku manda muyale ichi pamwamba. Ba Kombe bazakamba kuti ba Chilekwa banabwelera ku chipani bakalibe kufa."

"Banabwelera liti?"

"Mu mtima banabwelera." Chalwe anamwetulira n'kumuika chitenjecho m'manja. "Ija tebulo yanu ya pa geti ni yabwino maningi. Bambiri baifuna, koma ine nimabauza ati ni ya ba mami bathu."

Angelina anachilandira. Akanatani? Tebulo la pageti ndilo linkadyetsa adzukulu amene mwana wake wamkazi anamusiyira. Munthu aliyense wolowa mumsika ankayamba waona tomato wake. Kuti alipeze anavina pamisonkhano ya chipani mpaka mawondo kulira, ndipo sankaona chamanyazi pamenepo, pakuti njala ilibe chipani. Koma chitenje chimenechi chinkamulemera ngati chanyowa.

Analowa m'nyumba. Nsofwa anali atakhala pamatiresi pakona, atafunda kumutu monga ayenera wamasiye, azimayi atamuzungulira. Wamasiye salankhula pamaliro a mwamuna wake, zonse amamulankhulira ndi akuchimuna. Ndipo akuchimunawo, motsogozedwa ndi a Chewe, malume ake a malemu, anali atavomera kale lole ndi bokosi chifukwa m'matumba mwawo munalibe kanthu. Angelina anagwada pafupi ngati akufuna kumuseka monga mwa mwambo, koma Nsofwa anaona nsonga ya chitenje ikusuzumira m'khwapa mwake. Anamugwira dzanja mwamphamvu.

"Sanabwelere, Angelina," ananong'ona. "Nenze naye mpaka pa last. Sanabwelere."

Angelina anachita mantha, ndipo anadzida chifukwa cha manthawo.

Kumanda a ku Chingwere anafika dzuwa litakwera. Kombe anali atafika kale pagalimoto yake, atavala suti yakuda, akupereka moni kwa anthu amene mayina awo sankawadziwa. Abusa atapemphera, bokosi analiika pambali pa dzenje, ndipo Chalwe anamuyang'ana Angelina n'kugwedeza mutu. Angelina anangoima. Miyendo inakana kupita kutsogolo, inakananso kubwerera. Chalwe anatopa nazo, anamutsomphola chitenje chija n'kuchiyala yekha pabokosi, nkhope ya chipani ikuyang'ana kumwamba.

Kombe anatenga chimkuzamawu. Ananena kuti Chilekwa anali m'bale wake weniweni. Ananena kuti ana a nyumba imodzi amakangana koma sasiyana, ndipo kuti masiku ake omaliza Chilekwa anamuitana n'kumuuza kuti anthu a ku Kuku awasunge. Anthu anayang'ana pansi. Ena anali ovala zitenje zomwezo, ena anali ndi matebulo pamsika womwewo, ndipo onse ankadziwa kuti akumva bodza. Pansi pa nsalu yake, Nsofwa anayamba kulira kulira kwina, kosiyana ndi kwa m'mawa.

Kulira kumeneko ndiko kunamasula miyendo ya Angelina. Anamanga chitenje chake cha maluwa m'chiuno, anakhala m'mphepete mwa dzenje, n'kutsetserekera pansi. Atafika anakhala n'kutambasula miyendo, kathumba ka ufa kali pachifuwa.

Anthu anaseka, kuseka kopumula. Izi ankazidziwa. Mbuya amatha kutsekereza manda mpaka anamfedwa atamupatsa kangachepe, ndiye amatuluka, mwambo n'kupitirira. Kombe nayenso anaseka, anapisa m'thumba, n'kuwerama pamphepete atatambasula dzanja.

"Bwezani ndalama zanu, ba Kombe," anatero Angelina ali pansipo. "Lelo mbuya sagulisa manda. Uyu Mubemba sazangena muno na chovala chamene anavula yeka."

Kuseka kuja kunazima.

"Mayo, tiyeni tilemekeze malilo," anatero Kombe motsitsa mawu.

"Malilo niyalemekeza ine. Imwe mwabwela kuvotesa mtembo." Anapisa m'kathumba kaja n'kuwaza ufa m'mwamba. Unamugwera Kombe kumaso, m'ndevu ndi pasuti yonse. "Ndimwe Mubemba imwe, ai? Kalipani tione."

Kombe akanakwiya, ndiye kuti wakana mtundu wake pamaso pa anthu amene ankafuna mavoti awo. Anayesa kumwetulira, ufa ukugwa m'zikope.

Chalwe ndiye analibe nazo nthawi. "Muchoseni uyo muzimai," anauza anyamata ake. "Ni wa ku Malawi uyo. Chimbuya chake chichokela kuti? Na kuvota sayenela."

Mawu amenewo anamulasa Angelina kuposa za tebulo. Anabadwira ku Chawama, mu Lusaka momwemo, mchombo wake uli ku Chawama, bambo ake anagona m'manda omwewa. Koma nthawi zonse zinthu zikavuta pankapezeka wina womukumbutsa za malire amene sanawaolokepo. Anaimirira m'dzenjemo, mutu wokha ukuonekera.

"Bwelani munichose," anatero. Anayang'ana mnyamata amene anali patsogolo. "Iwe, sindiwe mwana wa ba Maud? Ba mbuye bako ninabasambika na manja aya. Bwela, nigwile."

Mnyamatayo anayang'ana kwa amayi ake, amene anali pakati pa azimayi a kwaya, n'kubwerera m'mbuyo. Anzake anayamba kukonza zipewa zawo ngati zawathina mwadzidzidzi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Kenako a Chewe, amene anavomera lole aja, anatsokomola n'kuyandikira ndi ndodo yawo. Manyazi anali atawagwira kuyambira kunyumba, ndipo tsopano anapeza poatulira.

"Ba Chalwe, uyu ni mbuya wathu," anatero. "Batate bake banashika m'manda batate banga. Wamene agwila mbuya pa manda, malilo yake azayanyamula yeka. Bokosi mwatipasa, twatotela, zikomo. Koma nsalu iyo sitinapemphe."

Dzuwa linkawotcha. Anthu a maliro ena apafupi anayamba kusendera, ndipo mafoni anali atakwezedwa kale m'mwamba. Kombe anawaona mafoniwo, anadziyang'ana suti yake yoyera ngati wagwa m'chigayo, n'kunong'oneza Chalwe. Chalwe anakoka chitenje chija pabokosi mwaukali n'kuchikwinya m'manja.

"Mwazionela mweka," anamuuza Angelina. "Pa Monday musabwele pa geti."

"Ninamvela kudala," anayankha Angelina. "Nipaseni kwanja nichoke, Mubemba angene."

Amuna awiri anamukoka. Atafika pamwamba anakhala pamulu wa dothi. Bokosi linatsika lopanda chofunda, thabwa lokhalokha. Pamene ankalikwirira, Angelina anamva lole ikulira. Inanyamuka yopanda anthu, anyamata okhaokha ndi tenti yawo, galimoto ya Kombe ili patsogolo. Anamfedwa anayenda wapansi mpaka kumsewu kukadikira maminibasi, azimayi a kwaya akuimba njira yonse, ndipo palibe amene anadandaula mokweza.

Lolemba Angelina anapitabe kumsika, dengu la tomato lili pamutu. Patebulo la pageti anapeza mlamu wake wa Chalwe akuyala anyezi, maso ali pansi. Sanamulankhule. Sanapitenso ku ofesi ya msika kukagwada, ngakhale azimayi ena anamunong'oneza kuti akapepesa mwina amupatsa kamalo kumbuyo. Kupepesa chiyani? Anatuluka, anaoloka ngalande, n'kuyala thumba pansi m'mphepete mwa msewu, pamene maminibasi amathira fumbi. Anadziwa kuti pamenepa tomato amapsa ndi dzuwa asanagulidwe, ndipo kuti kunyumba adzukulu ayamba kudya kamodzi. Zinamuwawa kwambiri. Koma akanati abwerere kumanda kuja, akanalowanso m'dzenjemo.

Anayamba kuitanira malonda ndi mawu onse, kuti a m'kati mwa msika amve kuti sanafe.

Chakumasana mthunzi unagwera pa tomato wake. Anali Nsofwa, atavala zakuda kuyambira kumutu, munthu amene sankayenera n'komwe kutuluka pakhomo masiku amenewo. Sanapereke moni. Anakhala pansi pambali pake, anayang'ana milu ya tomato ija n'kupukusa mutu.

"Fendelani uko," anatero. "Imwe Bangoni muziba chabe kukumba mbeba. Tomato sibaika so."

Anaphwasula milu yonse n'kuyamba kuunjika mwatsopano, wamkulu pansi, wofiira pamwamba. Angelina anafuna kumubwezera chipongwe monga mwa masiku onse, koma m'malo mwake inabwera misozi. Pamaliro mbuya salira, ntchito yake ndi kuseketsa ena. Tsopano maliro anali atatha, ndipo analira Chilekwa pamenepo, m'mphepete mwa msewu, mnzake akumugulitsira tomato.