Ndinamugwira Manja Onse Awiri

Ndinakwera basi nditatsimikiza mtima kuti madzulo ndibwera naye mwana wanga. Bedi lake ndinali nditayala kale. Chimusiyireni kusukulu ya ana osamva, nyumba yathu inangoti zii, ngakhale kuti iyeyo sanatulutsepo liwu ndi limodzi lomwe chibadwire. Ndinkasowa phokoso la mapazi ake, poti amayenda mokhwekhwereza, osadziwa kuti akusokosa anthu.

Sukuluyo inandipatsa zifukwa zokwanira. Kuchipinda chogona denga linkadontha, mabedi atawakankhira mbali imodzi, ana akugona awiriawiri. Tizipangizo tovala m'makutu tinali m'katoni pamwamba pa kabati, topanda mabatire. Mphunzitsi wodziwa chinenero cha manja anatsala mmodzi yekha, mayi woonda wa choko m'tsitsi. Anzake onse anathawira kwina.

"Ndabwera kudzamutenga," ndinawauza aphunzitsiwo. "Ngati n'kuvutika, akavutikire kwa mayi ake."

"Mwana ndi wanu, mayi," anatero. "Tiyeni mukamuone kaye."

Tinamupeza kuseri kwa kalasi akukangana ndi mnzake. Manja ali m'mwamba, zala zikuthamanga, nkhope yonse ili pantchito. Mnzakeyo anayankha kenakake, onse awiri n'kufa nalo phwete. Kunyumba ife timangolozerana: madzi, kagone, bwera kuno, usatero. Sindinkadziwa kuti ndinabereka mwana wolongolola ngati azakhali ake.

Atandiona anathamanga. Ndinamugwira manja onse awiri n'kuwapanikiza pachifuwa panga, ndikumuuza ndi pakamwa zonse zimene ndinamusungira, ngati akumva. Anayesa kusolola manja, ine n'kugwiritsa. Kenaka anandikankha ndi mphamvu, misozi ikulengeza.

Zinandipweteka, ndipo ndinapsa mtima. "Ndiye mwamuphunzitsa kukana mayi ake?"

"Ayi, mayi," anatero aphunzitsi. "Mwamutseka pakamwa. Akufuna kukuuzani zinthu, inu mwamugwira manja."

Ndinakhala pansi ndi manyazi. Mwana wanga analankhula nthawi yaitali, aphunzitsi akumasulira. Dzino lake likugwedera. Mnzake wogona naye amakoka bulangete. Kenaka anafunsa kuti galu wathu uja anapita kuti. Galuyo anafa kalekale, iye asanapite kusukuluko. Ankamufunafuna kuseri kwa nyumba tsiku lililonse, ife tikungomuyang'ana, osadziwa momuuzira. Aphunzitsi anamuuza ndi manja. Analira pang'ono, n'kugwedeza mutu, kenaka anafunsa ngati tinamukwirira bwino.

Wina anakupiza nsalu yofiira pakhonde, ndilo belu lawo, ndipo aphunzitsi anathamangira kukalasi. Ndinayang'ana chikwama chimene ndinabweretsa kudzalongedzamo zovala zake. Ndinkamufuna kunyumba mwana wanga, ndipo ndikumufunabe. Koma kunyumbako akakangana ndi ndani? Chikwamacho ndinachinyamula chopanda kanthu.

Anandiperekeza mpaka pageti. Pamenepo anandikoka bulauzi kuti ndimuyang'ane. Anakhudza chibwano chake, n'kupinda zala ziwiri, n'kubweretsa dzanja pachifuwa. Anabwereza pang'onopang'ono, akudikira yankho. Ndinayang'ana uku ndi uku, koma panalibe wondimasulira. Ndinangomwetulira ngati chitsiru, iye n'kubwerera kwa anzake.

M'basi ndinkabwereza ndi dzanja langa zimene anachitazo, anthu akundiyang'ana. Mpaka pano ndimabwereza ndikamatsuka mbale kuopa kuiwala, chifukwa kwathu kuno kulibe munthu woti n'kumufunsa kuti mwana wanga anati chiyani.