Njinga Yolira Popita ku Makwasa

Njinga itangodutsa pampope wa pamalayini a antchito a tiyi, inayambanso. Khwe! Khwe! Khwe! Agogo Esnat anaima pakhomo, dzanja lili pachifuwa, maso ali pa mdzukulu wawo Triza amene anakhala cham'mbali pa kaliyala, mwamuna wake Goodson akupalasa kupita naye kusikelo ku Makwasa. Phokosolo linamvekabe mpaka awiriwo anabisika m'minda ya tiyi.

Kanali kachitatu tsopano. Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chakuti masana, pobwerera, njinga yomweyo inkafika ili zii ngati yatsopano. Goodson akamapita kokathyola tiyi, zii. Akanyamula thumba la chimanga, zii. Koma Triza akangokwera kuloza kuchipatala, kulira.

Gogoyo anachoka ku Mphuka kudzadikirira mimba imeneyi, yomwe inali m'mwezi wachisanu ndi chitatu. Mayi ake a Triza anamwalira pobereka, agogo Esnat atawagwira mutu, ndipo chichokereni tsiku limenelo sankalola kanthu kachilendo kudutsa osakafunsa. Komanso kawiri konse anamuona Goodson atanyamula Sellah, wogulitsa zitumbuwa pashedi yoyezera tiyi, akuseka mano onse pamtunda. Ndani sadziwa kuti mwamuna akayenda kwina mkazi ali ndi pakati, amene amavutika tsiku lochira ndi mkaziyo?

Awiriwo atabwera masana, gogoyo anadikira kuti Triza amwe madzi kaye.

"AGoodson, khalani pansi."

"Kwagwanji agogo? Anamwino ati mwana wagona bwino."

"Anamwino amaona m'mimba, saona kumene inu mumayenda. Njinga yanuyi imanyamula ndani ine ndikakhala sindikuona?"

"Imanyamula inu, akazi anga aakulu," anatero Goodson akumwetulira. Palibe anaseka.

"Lero musandiseweretse. Njinga yanji yodziwa kusankha munthu womulirira? Mwininyumba akakwera ikukana, ena akakwera ikuvomera. Ndatumiza kale mawu kwa Elijah, amalume ake a Triza. Lamlungu akubwera, timutenga mwanayu akachirire kwathu. Zotsalazo mukakambe ndi ankhoswe."

"Agogo!" anatero Triza.

Goodson anadzuka, nkhope itasintha. "Tcheni ndathira oyilo. Kotapini ndamanga. Mapedulo ndasintha sabata yatha. Chatsala ndi kundipha basi. Tiyeni tonse kwa a Stewart, mukamve nokha."

Anapita onse atatu wapansi, Goodson akukankha njinga, gogo ali pambuyo kuti aone ngati Goodson angaigwire penapake mobisa.

A Stewart, okonza njinga, ankagwirira ntchito pansi pa bulugamu pamsika wa paesiteti. Anaigadamitsa njingayo, nazungulitsa mapedulo, khutu ataliika pafupi ndi fuliwilo. Anakoka tcheni kuti aone ngati yakhwefuka. Anagwedeza tayala lakumbuyo, nagogoda masipoko limodzilimodzi. Kenako anaikwera mpaka pamlatho ndi kubwerera. Zii. Anamukweza Goodson kumbuyo, nakwera naye chitunda cha kufakitale. Zii.

"Njinga iyi ilibe matenda, agogo. Mwina mukwere inuyo tiyese."

"Ndikwere ineyo? Amuna okhaokha ndimakudziwani, mumabisirana. Musamaseke, aStewart, muli ndi ana aakazi inunso."

A Stewart anasiya kuseka. Anapukuta manja pa ovolosi, nayang'ana Triza.

"Alamu, kwerani ndinu. Mukwere ndendende mmene mumakwerera popita kusikelo."

Triza anazungulira njinga, nakhala pa kaliyala miyendo ili kumanja, kumbali ya tcheni. Goodson anapalasa kawiri kokha. Khwe! Khwe! Khwe! Azimayi ogulitsa tomato anatembenuka onse. Agogo Esnat anagwira mutu.

"Mwamva? Ndinanama ine?"

A Stewart anathamanga cham'mbali mwa njinga atawerama ngati munthu wofuna ndalama yogwa, kenako anakuwa kuti aime. Analoza chivindikiro chachitsulo chophimba tcheni. Penti yakuda inali itafufutika pamalo amodzi, chitsulo chikuwala, ndipo chinali chitalowa m'kati pang'ono. Pamalo pomwepo panali chidendene cha Triza.

"Matenda ndi awa. Mapazi atupa, alibe powapumitsa, ndiye akuponda apa. Akaponda, chivindikiro chikukhudza tcheni. Koma alamu, azimayi onse amakhala miyendo kumanzere, kothawa tcheni. Inuyo mukukhaliranji kumanja?"

Triza anayang'ana agogo ake, kenako anayang'ana pansi.

"Yankhulani, mayi," anatero Goodson.

"Manda aja a pakona ali kumanzere popita," anatero Triza motsitsa mawu. "Agogo anati munthu wapakati asamaone manda, ndiye ndimawafulatira. Pobwerera amakhala kumanja, ndimatembenukira kwinaku."

Mayi wina wa tomato anabisa pakamwa ndi chitenje.

"Bodza," anatero agogo Esnat, koma mawu anali atachepa. "Tsika. Khala kumanzere."

Triza anakhala kumanzere. Zii. Gogoyo anamutsitsanso, namukhazika kumanja. Khwe! Anawachititsa zimenezi katatu, Goodson thukuta lili kamukamu osadandaula. Pomaliza anauza a Stewart kuti anyamule tayala lakumbuyo m'mwamba ndi kuzungulitsa pedulo. Gogoyo anagwada, nakanikiza chivindikirocho ndi chikhatho chawo. Khwe! Khwe! Anachotsa dzanja. Zii. Anakanikizanso. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana oyilo wakuda amene anatsala m'chikhathomo.

"Ndichichotse chivindikirochi?" anafunsa Goodson.

"Mukachotsa, chitenje chidzakodwa mu tcheni, mudzamugwetsa pachitsetso," anatero a Stewart.

"Musachikhudze!" Gogoyo anadzuka ndi mphamvu imene sanali nayo pogwada. "Chiwongoleni basi. Iwe Triza, uzikhala kumanzere ngati anzako. Mukamayandikira pakona paja, uzifunda mpango kumaso, ndipo inu aGoodson muzimuuza mukadutsa. Osamuuza msanga."

"Ndamva agogo. Nanga za Lamlungu?"

"Nanga za Sellah?"

"Ndinangomuthandiza dengu lolemera. Amuna ake ndimathyola nawo tiyi mzere umodzi, kawafunseni."

"Sindifunsa munthu ine. Dengu lake azisenza pamutu mpaka mwanayu achire."

"Azisenza."

A Stewart anawongola chitsulocho ndi pulayala, nakana kuyang'ana aliyense kumaso kuopa kuphulika ndi phwete. Agogo Esnat anapukuta dzanja paudzu, natambasulira kwa Goodson.

"Muimbireni Elijah. Mundipatse ndiyankhule ndekha."

Goodson anadina manambala, napereka foni ndi manja awiri. Gogoyo anaigwira patali ndi khutu, monga ankachitira nthawi zonse poopa kuti ingawaotche, nayankhula mokweza moti msika wonse unamva.

"Elijah, mwanawe, Lamlungu usabwere. Ayi, palibe mlandu. Mkamwiniyu sanalakwe. Ndinamukhazika molakwika mwanayu ndine. Usandifunse zambiri."

Anabweza foni osamuyang'ana Goodson, namuthandiza Triza kukwera kumanzere, nakulunga bwino nsonga ya chitenje pansi pa ntchafu yake.

"Tsogolani. Pang'onopang'ono pamlatho, thabwa limodzi lawola."

Njinga inanyamuka mwakachetechete. Agogo Esnat anatsatira wapansi pakati pa mizere ya tiyi, khutu atalitcherabe.