Nkhuku Yoonetsa Apongozi

Pa esiteti yathu, kumadzulo kwa Chulu, munthu womana kuposa Samsoni sindinamuonepo. Ndakhala naye moyandikana zaka zinayi, tonse matenanti ochokera ku Phalombe, ndipo ngakhale chingwe chosokera fodya amakupatsa atachiyeza ndi zala.

Chimene chinamuwonongeratu ndi nkhuku ziwiri zimene anabwera nazo kuchokera ku Lilongwe atagulitsa fodya: tambala ndi thadzi. Zinali zopanda mchira, za ndevu m'masaya, zonyansa ndithu. Koma thadzilo likaikira, dzira linkatuluka la buluu. Anthu ankachoka mpaka ku Nkhamenya kudzaona, ena n'kumalipala ndi chikhadabo poganiza kuti wapaka utoto. Samsoni anazimangira khola kuseri kwa chigafa, la waya ndi loko, pamene chitseko cha nyumba yake chinkatsekedwa ndi mtondo.

Maloto ake anali oti mtundu umenewu ukhale wa iye yekha m'Kasungu monse. Kukana poyera sankatha, ndiye aliyense wopempha mazira oti akafungatiritse ankamupatsa ndi manja awiri, atayamba wawaviika m'madzi otentha. Ine anandipatsa anayi. Nkhuku yanga inawakhalira mwezi wathunthu mpaka kuwonda, osaswa ngakhale limodzi. Chinsinsicho ndinachidziwa tsiku lina nditapita kukapala moto n'kumupeza ali ndi supuni pa ketulo. Ndinapsa mtima, koma ndinangoti tionana.

Amene anapusitsidwa kwambiri ndi apongozi ake, mayi Lefina, amake a mkazi wake Mervis. Katatu konse anatumiziridwa mazira kumudzi kwawo ku Chulu, katatu konse anawola. Mayiwa anafika podya nkhuku zawo zofungatira, akuti n'zaulesi.

Chaka chatha, fodya ali m'zigafa, chitopa chinasesa nkhuku pa esiteti. Za Samsoni zinapulumuka chifukwa ankazipatsa katemera. Ine ndinatsala ndi kameta mmodzi, wa khosi lopanda nthenga, wowonda ngati mkangala. Ndiye uthenga unabwera kuti mayi Lefina akubwera Loweruka kudzaona mdzukulu wawo Dyna.

Apongozi sawadyetsa chisoso. Umawagwirira nkhuku, ndipo usanaiphe umayamba wawaonetsa ili yamoyo, aone okha ulemu umene wawapatsa. Samsoni anasowa mtendere masiku awiri. Kenako anabwera kwa ine ndi ndowa ya mtedza kuti tisinthane ndi kameta uja, ndipo poti munthu wochenjera sakhutira ngati palibe womuyamikira, anandiululira nzeru yake. Kuonetsa kameta kukanakhala kudzinyoza. Choncho Mervis akaonetse thadzi lonona lija, apongozi akondwe, akafalitse ku Chulu konse kuti mkamwini wawo anawaphera nkhuku ya mazira a buluu. Likangofika kukhitchini thadzilo lilowe pansi pa dengu, mumphika mulowe kameta. Nkhuku ikapsa ilibe ndevu, anatero akuseka.

Ndinamuyamikira kuti ali ndi mutu. Lachinayi ndinapita kuchigayo cha ku Chulu, ndipo amene ndinakumana nawo kumeneko ndi nkhani ina.

Loweruka mayi Lefina anatsika pa kabaza cha m'ma leveni, nawayalira mkeka pansi pa mthethe. Samsoni, monga mkamwini wa mwambo, sanayandikire. Ananjuta patali, pafupi ndi chigafa, nkhope atayang'ana kumbali, n'kuwomba m'manja moni wake. Ine ndinali pakhonde panga ndikusoka fodya, tsamba limodzi lomwelo mphindi khumi.

Mervis anatuluka ndi thadzi lija atalimanga miyendo ndi luzi. Anagwada nati, "Amayi, bambo a Dyna akuti ndiwo zanu ndi izi."

Mayi Lefina analandira, naliyeza kulemera m'manja, nalisisita ndevu. Anayamikira mkamwini wawo nthawi yaitali, mokweza, kuti ena onse amene anakwatira ana awo sanawachitirepo zotere. Samsoni anamwetulira ali chozolikira. Kenako mayiwo anamasula chitenje cha m'chiuno, nakulunga nkhuku ija bwinobwino mutu wokha uli kunja, naiika pamiyendo pawo.

"Musavutike n'kupha, mwana wanga. Mano akundivuta masiku ano. Ndingoitenga yamoyo, ndikaona kunyumba."

Mwambo umalola zimenezo. Nkhuku ukaionetsa kwa mlendo yatuluka m'manja mwako, afune aidye, afune ainyamule. Ndipo mkamwini satsutsana ndi apongozi ake aakazi, ngakhale kuwayang'ana m'maso.  Samsoni anatsokomola. Anaponyera Mervis maso kuti achitepo kanthu, koma Mervis anali wotanganidwa kwambiri ndi kuchotsa chisoso chimene chinamatirira pa diresi la Dyna.

Anayesa njira imodzi yokha. Anaitana Mervis n'kumunong'oneza kuti awauze amayi kuti ulendo wa kabaza ndi wautali, dzuwa likuswa mtengo, nkhuku ingafere panjira, bwanji adzaitumize mawa. Mervis anakanena mawuwo osachotsa kapena kuwonjezera. Mayi Lefina anayankha kuti anabereka ana asanu ndi awiri n'kuwayendetsa panjira yomweyo, palibe anafa.

Kameta anali ataphedwa kale m'mawa. Mano ovuta aja anamudya mpaka kuphwanya mafupa, ndipo nthutumba sanagawireko munthu. Nthawi yonseyo thadzi linali pambali pawo, dzanja limodzi lili pamsana pake.

Ponyamuka anaima chofulatira chigafa, monga mwa ulemu, n'kulankhula kwa Mervis mokweza kuti mawu afike.

"Uwauze bambo a Dyna kuti nkhuku yaikazi payokha siswa. Tambala akamupumitsa abwere naye kwathu. Abwere naye wosaviika."

Ndinaseka mpaka singano inandibaya. Koma nditaona Samsoni chisoni chinandigwira pang'ono, pang'ono pokha. Anaimirira pakati pa bwalo, kiyi wa khola ali m'manja, akuyang'ana kabaza akulowa m'njira ya pakati pa minda, kamutu ka ndevu kakusuzumira m'chitenje. Lamulungu m'mawa, anthu tikupita kutchalitchi, tinakumana naye akupalasa njinga kulowera ku Chulu, tambala atamumanga pa kaliyala. Sanapereke moni kwa aliyense.