Jenereta Yotsimphina

"Ababa, makutu anu akadzatopa, injini idzadandaulira ndani?"

Hasina anafunsa funsoli ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ataona bambo ake, a Binali, atagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake chili pakhutu. Iwo anangoseka. Lero Hasina ali pabanja ku Joni, mayi ake anamwalira, ndipo khutu lamanzere la a Binali linatseka chaka chatha. Lamanja nalo limangolira ngati muli nyenje.

A Binali sanauze munthu. Pa loji ina ku Senga Bay, pamene ankasamalira jenereta yaikulu ya dizilo, anawalemba ntchito chifukwa cha makutu omwewo. Makaniko wosamva angamusunge ndani? Analeka kukhala pagulu nthawi ya tiyi poopa kuyankha zosemphana ndi funso. Ankamwera m'shedi ya jenereta, okhaokha.

Lachinayi m'mawa magetsi atazima, analiza injini, nagunditsa sikuludiraiva pa silinda iliyonse monga mwa masiku onse. Sanamve chachilendo. Potuluka anapeza mayi Ester ataima pakhomo ndi beseni. Mayiwa ankachapa nsalu za alendo, ndipo kumudzi nyumba zawo zinapenyana.

"A Binali, mkazi wanu wachiwiriyu akudwala."

"Mwati bwanji?"

"Ndati injini yanuyi ikudwala!" anakweza mawu. "Zaka zisanu ndi zinayi ndikuchapira kuseri kwa khomali. Imalira du-du-du. Kuyambira Lolemba ikumati du-du-kha, ngati munthu wotsimphina."

A Binali anafuna kuwauza kuti za injini azisiyire eni ake. Koma atakweza maso anaona kuti utsi wadako pang'ono. Anatenga sipanala.

"Imani pomwepo. Ndizimasula mapaipi a dizilo imodziimodzi. Kugogodako kukasiya, mukweze dzanja."

Yoyamba, dzanja lili pansi. Yachiwiri ndi yachitatu chimodzimodzi. Atamasula yachinayi, mayi Ester anatula beseni n'kukweza manja onse awiri.

Magetsi atayaka masana, a Binali anazula injekita ya silinda imeneyo. Inkadontheza dizilo m'malo mopopera. Ikanatha sabata ina, pisitoni ikanabooka. Anaika ina, kenaka anakhala pa chigubu.

Mayi Ester anabweranso, nayimirira mbali ya khutu lamanja.

"Lamulungu ndinakupatsani moni katatu pamjigo. Ndinkayesa mwayamba matama, osadziwa kuti ndi makutu."

"Mukawauza a manijala?"

"Ndikawauze chiyani? Kuti injini yachira?"

A Binali anapukuta manja pansanza nthawi yaitali, ngakhale oilo anali atachoka kale.

"Tamverani, aneba," anatero mayi Ester. "Mukamailiza, ine ndiziima pakhomo pano kaye. Ikasintha mawu, mudzamvera kwa ine, osati kwa wina. Koma inuyo mupite kuchipatala akaone makutuwo. Hasinanso mumuuze."

"Foni sindimva bwino."

"Mudzaimbire pakhonde panga. Zimene azinena ndizikubwerezerani."

"Loweruka," anatero a Binali.

"Mwalonjeza?"

"Wallahi, ndalonjeza. Inunso?"

"Inenso ndalonjeza."