Lumbiro la pa Mandimba

Ermelinda anatsika chapa, minibasi yochokera ku Cuamba, atagwira mwamuna wake pamkono. Kanjira kopita kwawo ku Itepela n'kakafupi, koma Estevão ankaimaima, pachifuwa pake pakulira ngati chitseko cha dzimbiri.

Kuchipatala kumene ankachokerako, namwino anali atanena mosabisa kuti utsi wa fodya ndi fumbi la m'chigafa zawononga mapapo, ndipo powonongekapo sipadzabwerera. "Potsalapo pasamaleni, mayi. Azidya masamba, nyemba ndi zipatso. Soseji ndi nyama zam'chitini azisiye."

Vuto linali pa masambapo. Ali mnyamata ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, Estevão ankadya chisoso chopanda mchere mpaka lilime kuchita dzanzi. Tsiku limene anawoloka malire pa Mandimba kubwerera kwawo, anagwada m'fumbi n'kulumbira kwa Mulungu kuti tsamba silidzalowanso m'kamwa mwake.

Masana a tsiku lomwe anachokera kuchipatalalo, Ermelinda anaika nkhwani pamkeka.

"Bambo a Yolanda, lawani pang'ono chabe."

"Mwandiona nyanga, mayi a Yolanda? Ndasanduka mbuzi?" Anaseka, koma kusekako kunathera m'chifuwa chachitali, milomo n'kuda bii.

"Amene anatiwolotsa uja ndi yemwenso analenga nkhwani."

"Ndinalumbira pamaso pake," anatero Estevão mawu akudukaduka. "Ndikaphwanya, kampweya katsalaka adzakalanda. Ndipo mukadzandinyenga, sindidzadyanso chochokera m'manja mwanu."

Ermelinda anachotsa mbale ija. Mawu a mwamuna wake ankawadziwa kuti sabwerera.

Masiku anapita. Estevão analeka kufika kumunda, kenako analeka kufika kutchalitchi. Nyimbo zimene kale ankazikweza yekha kwaya yonse n'kumutsatira, tsopano ankangozing'ung'udza, mzere umodzi n'kupumira.

Loweruka m'mawa, Ermelinda anathyola masamba a chammwamba, anawayanika kuseri kwa nkhokwe, kenako anawasinja mpaka kusanduka ufa. Anawaza ufawo mu nyemba zotendera.

"Ambuye, Inu amene munauzira mpweya m'mphuno mwa munthu," ananong'ona, "ngati ili ndi tchimo, likhale pa ine."

Estevão anadalitsa chakudya mwachidule, poti pemphero lalitali silinkathekanso. Anapisa koyamba, n'kumeza. Anapisa kachiwiri, n'kutafuna pang'onopang'ono. Kenako dzanja lake linaima m'malere. Anayang'ana m'mbalemo nthawi yaitali, m'nyumba mukungomveka kulira kwa pachifuwa pake.

"Mayi a Yolanda," anatero motsitsa mawu, "mwathiramo chiyani umu?"